Usagule Kaye, Yang'ana Pafupi ndi Kabowo

Mwana wanga,

Chithunzi chako chinafika pa WhatsApp Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo ndinachiyang'ana mpaka foni inatsala pang'ono kuthima. Funso lako linali lalifupi: "Ababa, iyi muli nayo kale?" Ine ndinangoti usagule kaye. Amayi ako anaseka mumdima momwemo, amvekere mwana wafunsa za inde kapena ayi koma bambo ake alemba buku. Sananame. Funsolo silingayankhidwe ndi chala chimodzi pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi ndi cholembera.

Mbale waiona m'sitolo ya zinthu zakale ku Manchester ija ndi King of the Delta Blues Singers ya Robert Johnson. Nyimbo zili m'menemo ndili nazo zonse, zina kanayi, zina kasanu. Mbale yeniyeniyo ndilibe, ndipo chibadwire sindinaigwirepo m'manja. Komatu mawu ake ndi amene anandikola ndili mnyamata wa Fomu 3, dzina la woimbayo ndisanalimve n'komwe.

Mphunzitsi wina wa ku America amene ankatiphunzitsa sayansi anandisiyira makaseti atatu pobwerera kwawo. Awiri anali a nyimbo zovina, ndipo anzanga anabwereka chibwerekere. Yachitatu panalibe woifuna. Pachikuto pake panali liwu limodzi lolembedwa ndi bolopeni, blues, basi. M'kati munali munthu mmodzi ndi gitala, kumbuyo kwake kukumveka phokoso ngati mvula yowaza padenga la malata. Ndinkaimvera pa wailesi ya abambo ako aakulu iwo akapita kudimba. Chizungu cha woimbayo sindinkachimva, mwina liwu limodzi pa mawu khumi, koma ndinkaganiza kuti akuimba anthu awiri, wina akugunda nsambo zazikulu pansi, wina akuliza zazing'ono pamwamba. Ndinakhala nayo kasetiyo zaka zoposa khumi ngati mwana wotola panjira, wosadziwika mtundu wake.

Dzina ndinalidziwa ndili kale pantchito. Mnzanga wina anabwera kuchokera kumaphunziro kunja ndi kabokosi kakatali ka ma CD awiri, The Complete Recordings, kamene kampani ya Columbia inatulutsa mu 1990. Anaika yoyamba, ndipo gitala itangolira ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Ndinabwereka kabokosiko sabata imodzi, n'kukopera m'kope mayina onse ndi manambala onse a m'kabuku kake. Kope limenelo ndi lija la chikuto chofiira unkalipeza pansi pa Baibulo, lija unajambulamo mphaka patsamba lomaliza uli ndi zaka zinayi.

Robert Johnson anabadwa mu 1911 ku Hazlehurst m'chigawo cha Mississippi, n'kumwalira pa 16 Ogasiti 1938 pafupi ndi Greenwood ali ndi zaka 27. Moyo wake wonse anajambula nyimbo 29, m'masiku asanu okha. Masiku atatu anali ku San Antonio, Texas, m'chipinda cha hotela ya Gunter, pa 23, 26 ndi 27 Novembala 1936, ndipo kumeneko munatuluka nyimbo 16. Awiri enawo anali ku Dallas pa 19 ndi 20 Juni 1937, nyimbo 13. Amene anamuzindikira poyamba anali H. C. Speir, mwini sitolo ya nyimbo ku Jackson, ndipo woyang'anira zojambulazo anali Don Law wa kampani ya American Record Corporation. Chuma chonse ndi chimenechi. Ukachimvera mosadukiza sichikwana maola awiri. Ndiye ukhoza kufunsa, monga amafunsira amayi ako, kuti munthu wanzeru zake angagule bwanji nyimbo zomwezomwezo kasanu.

Uyambe wadziwa momwe mbale zinkapangidwira masiku amenewo. Tepi kunalibe. Woimba akayamba, singano inkalemba mizere pachimbale chofewa, nyimbo yonse ulendo umodzi, mphindi ngati zitatu. Akalakwitsa panalibe zodula n'kulumikiza, ankangotenga chimbale china n'kuyambiranso. Nthawi zambiri ankamuuza kuti abwereze ngakhale asanalakwitse, kuopa kuti choyamba chingasweke m'njira. Zimenezo ankazitumiza kufakitale, kumene ankapangirako chikombole chachitsulo, ndipo chikombolecho n'chimene chinkadinda mbale zogulitsa, monga chikombole chimodzi chimaumbira njerwa za nyumba yonse. Chilichonse chinali ndi nambala yake, ndipo nambalayo imaoneka pambale, pamalo osalala aja a pakati pa mzere womaliza ndi pepala lozungulira kabowo. Za Johnson zimayamba ndi SA ngati zinajambulidwa ku San Antonio, ndi DAL ngati ndi za ku Dallas. Kumapeto kwake nthawi zambiri kumakhala 1 kapena 2, kusonyeza ulendo woyamba kapena wachiwiri woimba nyimboyo.

Kanambala kotsirizirako ndi kamene kanandisowetsa tulo. Nyimbo imene ndinkaikonda koposa pakaseti ija inali "Come On in My Kitchen", yoyenda pang'onopang'ono, botolo likusisita nsambo ngati mphepo ya Juni pazenera. M'kabokosi ka mnzanga ndinaipeza kawiri, SA 2585-1 ndi SA 2585-2. Yoyamba ndi yanga ija. Yachiwiri ndi yothamangirapo, ya munthu amene akufuna kuti anthu adzuke. Kabukuko kanandiuza chinthu chimene sindinachiyembekezere: imene inagulitsidwa mu 1937 inali yachiwiriyo. Yangayo inasungidwa m'nkhokwe ya kampani zaka 24. Anthu a m'minda ya thonje amene Johnson ankawaimbira Loweruka usiku sanaimvepo pambale, ndipo ine mwana wa kuno ndinaimva iwo ambiri atapita kale kuli chete. "Cross Road Blues" nayonso chimodzimodzi, kungoti mosinthana: pambale yakale ya Vocalion 03519 panali ya ulendo woyamba, pamene chimbale cha 1961 waonacho chinatenga ya ulendo wachiwiri.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti nyimbo iyi ndili nayo kodi. Ndinayamba kufunsa kuti yadzera m'manja mwa yani kuti indifike.

Johnson ali moyo zinatuluka mbale 11, nyimbo imodzi mbali iliyonse, zozungulira ka 78 pamphindi. Ya 12, yokhala ndi "Love in Vain" ndi "Preachin' Blues", inatuluka iye atamwalira. Imene inayenda malonda inali yoyambirira, Vocalion 03416, ya "Terraplane Blues", imene akuti inagulitsidwa pafupifupi 5,000. Kampani yomweyo inkadinda nyimbo imodzimodziyo ndi mayina ena otsika mtengo, monga Perfect ndi Romeo a m'masitolo a zotchipa, ndi Conqueror ya sitolo ya Sears imene inkagulitsa katundu kudzera papositi. Mbalezo zinali za shellac, utomoni wa tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India, wosakaniza ndi fumbi la miyala. Zinali zolemera komanso zosachedwa kusweka, ndipo singano zachitsulo za magalamafoni opukusa zinkadya mizere yake ulendo uliwonse. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka shellac inasowa, anthu n'kupemphedwa kubweza mbale zakale kuti zikaphwanyidwe n'kupangira zatsopano. Zimene zinapulumuka lero zimagulidwa madola masauzande ambirimbiri. Zimenezo si za ife, ndipo sindizilota n'komwe.

Amene anazipulumutsa anali anthu amisala ngati bambo akowa, kungoti iwo anali ndi nsapato zolimba. Gayle Dean Wardlow ankayenda khomo ndi khomo m'madera a anthu akuda ku Mississippi kufunsa amayi achikulire ngati ali ndi mbale zakale za galamafoni, ndipo ndi iyeyu amene anapeza chikalata cha imfa ya Johnson mu 1968. Anthu awiri a ku Britain, Robert Dixon ndi John Godrich, anasonkhanitsa manambala a zikombole za oimba blues ndi nyimbo zauzimu m'buku lalikulu lotchedwa Blues & Gospel Records, limene linatuluka koyamba mu 1964. M'bukulo mulibe nthano ngakhale imodzi, muli mayina, masiku, mizinda ndi manambala okhaokha, koma kwa wosonkhanitsa mbale ndi lokoma kuposa nthano. Taona chitsanzo. Nyimbo yomaliza ya Johnson Lolemba pa 23 Novembala ndi SA 2587. Yotsatira, ya Lachinayi, ndi SA 2616. Manambala a pakatiwo sanasowe. Ndi a anthu ena amene ankalowa m'chipinda chomwecho, oimba m'Chisipanishi a dera limenelo ndi magulu a azungu akumidzi monga Chuck Wagon Gang. Ukawerenga manambalawo umaona mzere wa anthu pakhonde la hotela, aliyense ndi choimbira chake, kudikira kuitanidwa ngati kuchipatala. Johnson anali mmodzi pamzerewo, wolipidwa kamodzi n'kutha.

Tsono chimbale waonacho chinabwera motere. John Hammond, mkulu wina wodziwa kufukula oimba, anafuna kuti Johnson akaimbe ku Carnegie Hall ku New York pamwambo wa From Spirituals to Swing pa 23 Disembala 1938. Uthenga unafika mwini wake ali m'manda. Hammond anangoika galamafoni pansanja n'kuliza mbale ziwiri pamaso pa anthu. Zitatero kunali zii kwa zaka zoposa 20, kupatula "Preachin' Blues" imene Samuel Charters anaiika pachimbale cha oimba osiyanasiyana, The Country Blues, mu 1959. Mu 1961, Hammond yemweyo akukankha, Columbia inatulutsa nyimbo 16 zosankhidwa ndi Frank Driggs, nambala yake CL 1654. Zina anazitenga kuzikombole zimene zinatsala m'nkhokwe, zina kumbale zakale zobwereka kwa osonkhanitsa. Chithunzi cha Johnson kampaniyo inalibe, choncho pachikuto anaika chojambula pamanja cha Burt Goldblatt, munthu wokhala pampando akumuonera kumwamba, nkhope yosaoneka. Ndi chimene wanditumiziracho. Nditapeza ndondomeko ya nyimbo zake ndinaiyerekeza ndi kaseti yanga: yoyamba "Cross Road Blues", yomaliza "Hellhound on My Trail", zonse 16 m'malo mwake. Mwana wotola panjira uja anapezeka kwawo.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna uimvetse, chifukwa inanditengera zaka. Driggs posankha 16 pa 29 anatenga zambiri zolemera, za munthu wothawa, za mdierekezi ndi agalu a kumidima. Anasiya "They're Red Hot", nyimbo yanthabwala yothamanga imene ungavine paukwati. Anasiya "From Four Until Late" yofewa ija, anasiya "Sweet Home Chicago" ndi "I Believe I'll Dust My Broom". Zimenezi zinadikira mpaka 1970 pomwe chimbale chachiwiri chinatuluka. Zaka zisanu ndi zinayi za pakatizo n'zimene anyamata a ku Britain ndi America, Eric Clapton, Keith Richards, Bob Dylan, anadziwira Johnson, ndipo amene anamudziwayo anali Johnson wa Driggs. Cream inatulutsa "Crossroads" yake mu 1968, dziko lonse n'kulandira chithunzi cha munthu wosungulumwa wotembereredwa. Inenso ndinapatsidwa munthu yemweyo pakaseti. Anzake amene anayenda naye, monga Johnny Shines, ankasimba za munthu wina, woimba chilichonse chimene anthu apempha, nyimbo za pawailesi, za azungu, zovina, bola ndalama igwe m'chipewa. Elijah Wald analemba bwino za zimenezi m'buku lake Escaping the Delta la 2004. Driggs sananame ngakhale pang'ono, nyimbo zonsezo n'za Johnson. Anangochita ngati munthu wosimba za malemu pamaliro, amene amatola zimene iye zinamukhudza.

Za pamphambano zija, zoti anagulitsa moyo wake kwa Satana kuti adziwe gitala, usandifunse n'komwe. Ife tikuzidziwa bwino nkhani zoterezi. Munthu akasowa pamudzi miyezi ingapo n'kubwera ndi luso kapena ndi chigayo, timati wakhwima, ndipo mphambano ndi pomwe timati zinthu zimachitikira. Ofufuza anapeza kuti Johnson anabwerera kufupi ndi kwawo n'kukakhala kwa woimba wina dzina lake Ike Zimmerman, kuphunzira usana ndi usiku. Ndiponso ukamvera mbale za amene anamutsogolera umaona pomwe anatapa. "32-20 Blues" ndi mwana wa "22-20 Blues" ya Skip James ya 1931. Kwina umamva Leroy Carr, kwina Kokomo Arnold, kwina Lonnie Johnson, kwina Son House. Kampani ya Yazoo inasonkhanitsa zimenezi pachimbale chimodzi, The Roots of Robert Johnson, ndipo nditachimvera ndinazindikira kuti iyenso anali mnyamata wokhala pafupi ndi galamafoni, kubwereza mbale imodzi mpaka itatha mizere. Sindikubisa, zinandisangalatsa kuposa za Satana zija.

Kabokosi ka 1990 kanali ndi zojambula 41, ndipo kanagulitsidwa koposa miliyoni imodzi n'kulandira mphoto ya Grammy. Anakatcha kathunthu, koma sikanali kathunthu. Ya 42, ulendo wina wa "Traveling Riverside Blues", inapezeka pambuyo pake ku Library of Congress ku Washington n'kutuluka mu 1998 pa CD ya chimbale chomwe waonachi. Ndiye ine ndinagula CD imeneyo chifukwa cha nyimbo imodzi, mphindi zosakwana zitatu, ndipo amayi ako anaidziwa nkhaniyo patapita chaka. Kabokosiko kalinso ndi vuto lake: anaika ulendo woyamba ndi wachiwiri wa nyimbo iliyonse motsatizana. Kwa wofufuza n'zabwino, koma kwa mlendo amene wangobwera kudzacheza zimakhala ngati CD yadwala. Mu 2011, pokumbukira zaka 100 chibadwire chake, Sony inatulutsa The Centennial Collection ndi zonse 42, zobwerezazo atazikankhira kumapeto, mawu atakonzedwanso ndi Steven Lasker ndi Seth Winner. Imeneyo ndi imene unandigulira chaka chija unayamba ntchito, ndipo m'makutu mwanga ndiyo imamveka bwino koposa. Umamva chala chikuchoka pansambo, umamva mpweya akuukoka asanayambe mzere.

Pali ina imene ndinagula mopusa, ndipo ndimaisunga kuti izindikumbutsa. Ku Ulaya lamulo loteteza zojambulidwa linkatha pakapita zaka 50, choncho timakampani tambiri tinayamba kudinda nyimbo za Johnson mwaulere, kukopera pa ma CD a anzawo n'kusintha chikuto. Yanga ndinaipeza pamsika pakati pa mafilimu a karate. Analemba kuti phokoso lonse lachotsedwa. Analichotsadi, pamodzi ndi theka la gitala. Johnson akumveka ngati akuimbira m'ndowa ya madzi. Phokoso la mbale yakale limakhala pamalo amodzi ndi mawu opyapyala a nsambo, ndiye ukapala kwambiri umapala ndi nyama yomwe. Ndikaiona CD imeneyo ndimakumbukira sitampa ya positi imene boma la America linatulutsa mu 1994 pomulemekeza. Anaitenga pachithunzi chake china chaching'ono pomwe ali ndi ndudu pakamwa, koma pasitampapo ndudu palibe. Anamusambitsa.

Zithunzi nazo zili ndi ulendo wake. Cha nduducho chinasindikizidwa koyamba mu 1986 m'magazini ya Rolling Stone. China, atavala suti ya mizeremizere ndi chipewa, chinajambulidwa ku Memphis kwa Hooks Brothers, ndipo ndi chimene chili pakabokosi ka 1990. Zonse ziwiri ankasunga mlongo wake Carrie Thompson. Chachitatu, akumwetulira, chinaoneka mu 2020 pachikuto cha buku la mlongo wake wina wopeza, Annye Anderson, lotchedwa Brother Robert. Azilongo ake anali nayo nkhope yake m'nyumba nthawi yonseyo pamene akunja ankajambula munthu wopanda nkhope. Ndalama za kabokosi kaja zinayambitsa milandu yaitali, mpaka mu 2000 bwalo lalikulu la Mississippi linatsimikiza kuti wolowa chuma ndi mwana wake Claud Johnson, amene ankayendetsa lole yonyamula miyala. Ndipo manda a munthu mmodziyu ali ndi zipilala zitatu pamatchalitchi atatu osiyana, Mount Zion, Payne Chapel ndi Little Zion. Ngakhale manda anadindidwa katatu.

Koma mkangano umene ndimaukonda ndi wa liwiro. Cha m'ma 2010 nkhani inafala, mpaka m'nyuzipepala ya The Guardian ya kumeneko, yoti mbale zonse za Johnson zimathamanga mopitirira, mwina ndi 20 peresenti, ndipo kuti ukazichedwetsa umamva mawu ake enieni, akuya, a munthu wamkulu. Anthu anazichedwetsa pakompyuta, ambiri n'kulumbira kuti uyu ndiye Johnson weniweni. Otsutsa anayankha ndi mfundo zomveka. Anajambula masiku asanu m'mizinda iwiri, miyezi isanu ndi iwiri pakati, ndiye makina angalakwe bwanji mofanana ulendo uliwonse? Zojambula zimene kampani sinafune n'komwe kugulitsa, anazithamangitsiranji? Oimba ena a pamzere uja bwanji mawu awo ali bwinobwino? Ndipo Shines, Robert Lockwood Jr. ndi Honeyboy Edwards, amene anamumva ndi makutu awo n'kukhala ndi moyo zaka zambiri mbalezo zikulira paliponse, sanadandaulepo kuti mawuwo si ake.

Ine ndili kumbali ya otsutsawo, ndipo umboni wanga ndi mabatire. Wailesi ya abambo ako aakulu inkadya mabatire anayi aakulu, ndipo akafooka tinkawayanika padzuwa pamwala kuti atipatseko madzulo amodzi. Akayamba kutha, kaseti inkayenda mwaulesi, Johnson mawu ake n'kutsika, n'kukhala ngati gogo wa zaka 70 amene waona zonse za pansi pano. Kunena zoona ndinkamukonda choncho. Abambo ako aakulu akagula mabatire atsopano kumapeto kwa mwezi, mawu aja ankakwera n'kukhala a mnyamata, akuthwa, opupuluma, ndipo ndinkakhumudwa pang'ono ngati andisinthira munthu. Ndiye ndikudziwa chimene anthu a pakompyutawo akumva. Nyimbo iliyonse ukaichedwetsa imamveka yanzeru. Koma wojambula ku Gunter uja anali ndi zaka 25, wamng'ono kwa iwe lero.

Uzifunsa kuti nanga za kwathu bwanji, chifukwa amayi ako afunsa kale. Agogo ako aamuna anabwera kuchokera ku Salisbury ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zodzaza chikwama. Sipuling'i itaduka galamafoniyo inasanduka mosungira mbewu, ndipo mbalezo ine ndi abale anga tinkaponyerana kudambo kuona ya ndani ipite patali. Zinkasweka mokoma kwambiri. Palibe ngakhale imodzi imene ndinawerenga dzina lake. Ndikamakopera manambala a SA ndi DAL m'kope lofiira lija, pena ndimaona ngati ndikulipira mlandu umenewo. Mwayi wake enanso anasunga. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina ake mu 1950 ndi 1958, kulemba dzina la woimba ndi mudzi wake, ndipo zojambulazo zili ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Zina zinatulukanso pa ma CD a SWP Records a Michael Baird, wobadwira ku Lusaka. Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anayamba kugwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndi yemwenso analemba buku la Africa and the Blues mu 1999. Ndipo botolo losisita nsambo lija si lachilendo kwa ife, oimba akale a kuno ankalitcha hauyani. Ukadzaona chilichonse cha a Kachamba m'masitolo amenewo usandifunse, ungogula.

Tsopano za mbaleyo. Bwerera tsiku lako lopuma, osati utatopa ndi ntchito ya usiku. Uyambe ndi dzina la kampani papepala la pakati. Ku Britain dzina loti Columbia linali la kampani ina, EMI, choncho chimbalechi kumeneko chinayamba kutuluka ndi dzina la Philips kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kenako ndi la CBS. Ukaona Columbia CL 1654 ndiye kuti chinawoloka nyanja kuchokera ku America, koma nambala imeneyo anaidinda kwa zaka zambiri, ndiye wogulitsa asakuuze kuti ndi ya 1961 chifukwa cha nambala yokhayo. Chikuto chikakhala ndi timizere ta pakauntala tija ndiye ndi cha posachedwa. Uitulutse m'chikutomo, uigwire m'mbali ndi zikhatho ngati mbale ya nsima yotentha, uipendeke pakuwala. Zokanda zimene chala sichizimva zilibe kanthu. Chimene chikhadabo chikukodwapo chidzalira "tha, tha" ulendo uliwonse mpaka ine kufa. Uiike patebulo uone ngati yagona yonse kapena yapindika. Ukatero ujambule pamalo osalala aja pafupi ndi kabowo, mbali zonse ziwiri, foni utaipendeketsa kuti timanambala tozokotedwato tioneke, unditumizire.

Mtengo ukaposa wa nsapato zako zantchito uisiye, ibwera ina. Ukagula usaiike m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Uinyamule m'manja pakati pa makatoni awiri, ndipo pochoka ku Chileka isakhale pampando wakumbuyo padzuwa, Disembala wa kuno ukumudziwa. Undigulirenso singano, ya galamafoni yanga yamagetsi ija inatha kalekale, nambala yake ndakulembera kuseri kwa pepalali.

Amayi ako akuti ndikuuze kuti malo a m'chikwama cha m'manja anali a mankhwala awo a miyendo, ndipo kuti mbale ya azibambo akufa isawalande malo. Akutinso nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba ndi yokhayo imene amaipirira, ija ndinkawaimbira molakwitsa mawu tisanakwatirane. Ukafika tidzayambira pa imeneyo.

Ndine bambo ako.